Anapita Mang'ina Asanapse

Anthu a kumtunda amaseka ndikawauza kuti ku Mangochi kumazizira. Amati kuno n'kung'anjo, chisanu chingapeze pati pokhala? Abwere mu Juni adzaone. Si chisanu cha kwathu ku Ntcheu choluma makutu chija ayi. Cha kuno n'chouma. Mwera ukayamba umakokolola fumbi la mumsewu n'kulithira m'nyumba, m'mbale, m'tsitsi, ndipo khungu limatuwa mbuu ngakhale usambe chotani. Milomo imathetheka, zidendene zimang'ambika zikang'a. Wachinyamata amadzola mafuta n'kuiwala. Nkhalamba ikakanda msongolo pamatsala mizere yoyera, ndipo mizereyo imakhala pomwepo mpaka madzulo.

Ine ndinali dalaivala wa ambulansi mpaka pamene ndinapuma ntchito. Moyo wanga wonse unali wothamanga. Ndinkadya choimirira, tiyi ndinkamwa wowaula lilime, ndipo munthu woyenda mwachidodo kutsogolo kwanga ankandinyansa. Mpaka lero amandinyansa. Nditapuma tinakhala m'kanyumba kathu ka njerwa zootcha kuseri kwa msika, ine ndi akazi anga, awiriwiri. Mwana tinabereka mmodzi, wamkazi, ndipo ali ku Joni, amaimba foni akapeza mpata. Ndinkayesa kupuma ntchito ndiko kukhala pakhonde n'kumakangana ndi wailesi, wina akukuphikira. Zinakhaladi choncho kwa kanthawi, mpaka m'mawa wina akazi anga anagwa akusesa pabwalo.

Inali sitiroko. Ine amene ndinanyamula anthu osawerengeka a matenda omwewo ndinangoima, tsache lili pansi, osadziwa kuti ndiwagwire pati. Kuchipatala anachita zimene akanatha. Tinabwerera kunyumba mbali yakumanja itafa, mkono ndi mwendo womwe, pakamwa patapotoka pang'ono. Mawu anabwerera, koma olemera, otuluka limodzilimodzi. Nzeru sizinakhudzidwe, ndipo lilime lawo lonyoza lija linatsala lonse.

Akazi anga anali Myao wa ku Makanjira, Msilamu wosaphonya mapemphero a swala. Ine ndine Mngoni, Mkhristu wa pa Khirisimasi ndi pamaliro. Tinadziwana ndikupita kwawoko kukatenga odwala. Abale awo sanakondwe nazo, ndipo sanabise. Sanatiletse, komanso sanandilandire. Ukwati wathu anaupirira monga munthu amapirira dzino lobowoka. Ine sindinalowe Chisilamu, iwo sanachisiye, ndipo m'nyumba mwathu simunalowepo nkhumba kapena nyama yosazinga. Za Mulungu sitinakanganepo. Tinkakangana za mchere.

Chiyambire tsiku limene anagwa lija ndinali ndi mantha amodzi, akuti abale awo adzabwera kudzawatenga. Kwa anthu a kumeneko mkazi sachoka m'manja mwa abale ake. Ungakhale naye mpaka imvi, iwe umangomusunga. Mwini wake ndi mlongo wake, mwini mbumba. Mkazi akadwala kwambiri amabwera, amakhala pakhonde, amakuthokoza mwaulemu, kenako amanyamula munthu wawo. Ndinaziona kambirimbiri ndili pantchito. Ndiye ndinadziuza kuti ine sindidzawapatsa chifukwa. Akadzabwera adzapeza mlongo wawo wosamba, wokhuta, wonyezimira. Adzasowa ponena, adzamwa tiyi n'kubwerera.

Vuto linali lakuti kuphika sindinkadziwa. Kuwiritsa madzi ndi kukazinga mazira, eya. Tsiku loyamba kuphika nyemba ndinadzaza mbaula ndi makala mpaka kusefukira, n'kukupiza ndi chivundikiro mpaka moto kulira. Madzi anaphwa, pansi panapserera, koma pamwamba nyemba zili gwa. Mawa lake ndinathiramo soda, nzeru imene ndinatola kwa amayi ogulitsa zakudya pamsika. Zinafewa msanga ndithu. Akazi anga analawa kamodzi n'kukankha mbale ndi dzanja lamoyo lija.

"Izi mwaphikira akaidi."

Kuyambira pamenepo anandiuza kuti ndiziwatulutsa. M'mawa uliwonse ndinkawanyamula n'kuwakhazika pampando pafupi ndi khomo la khitchini, pamene dzuwa limafika koma mphepo siyifika, atavala juzi, chitenje m'miyendo, mpango kumutu. Pamenepo ndiye panali pa ofesi pawo. Dzanja silinkagwira, koma maso ndi makutu sizinkaphonya kanthu.

"Mwavundukulanso, bambo."

"Ndimangoona."

"Mukuona chiyani? Nyemba sizithawa. Khalani pansi."

Kukhala pansiko ndiko kunkandivuta. Ndinkakhala, mwendo n'kumanjenjemera wokha ngati ukufuna poponda mafuta. Ndinkadana nako kudikira kumeneko, ndipo ndinkawauza. Iwo ankangoti ndidane nako nditakhala pansi.

Nyama yotafuna inawakanika, ndipo nsomba ankaiopa chifukwa cha minga, poti kumeza kunali kovuta. Chimene mtima wawo unkafuna ndi mang'ina, mapazi a ng'ombe. Ankati msuzi wake umatsika wokha. Ndinkakagula kwa bambo wina wa pamsika amene ndinkadziwa kuti nyama yake ndi yozinga. Kugulako n'kosavuta, ntchito ili kunyumba. Uwaule ubweya pamoto, upale ndi mpeni mpaka ayere, udule ndi nkhwangwa, utsuke, utsukenso, fungo la ubweya wopsa lili m'malaya mwako tsiku lonse. Kenako pamoto waung'ono. Makala uzionjezera ndi zala, limodzi kapena awiri. Madzi akachepa uthire otentha, ozizira ayi, akuti amaumitsa nyama. Mchere, anyezi ndi tomato n'zakumapeto kwenikweni. Wotchi sitinkayang'ana. Mphika wokhazikidwa dzuwa likutuluka unkapsa azana ya madzulo, yoitanira anthu ku swala, ikamveka kumzikiti, ndipo pakati ponsepo palibe chimene munthu ungachite.

Tinkakhala chete nthawi yaitali, chivundikiro chikugogoda pang'onopang'ono. M'kupita kwa miyezi ndinaphunzira kumva ndi khutu kuti madzi achepa, osavundukula. Sindinena kuti ndinasanduka munthu woleza mtima, ayi. Koma mwendo uja unasiya kunjenjemera, ndipo ndinazindikira kuti zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanakhalepo ndi mkazi ameneyu tsiku lathunthu, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ndinali ndisanadziwe kuti akamaganiza amasisita chala pa bondo. Zinandimvetsa chisoni kuzidziwa mochedwa choncho.

Ntchito ina inali ya mafuta. Chisanu chitafika khungu lawo linauma kuposa langa, makamaka mbali yakufa ija. Mwendo unatuwa, n'kumafundudwa timamba toyera totsalira pa chitenje. Zidendene zinang'ambika, ngakhale kuti munthuyo sankaponda pansi. Ndinagula mafuta olimba aja a m'botolo la kukamwa kwakukulu, n'kusakaniza ndi gilisilini monga anandiuzira akazi angawo. Ndikawasambitsa ndinkawakhazika padzuwa, ine n'kugwada, phazi lawo pantchafu panga.

Poyamba ndinkadzoza monga ndinkachitira china chilichonse. Kutapa, kupaka, kupukuta, ndathana nazo.

"Mukutsuka galimoto?"

"Mafuta alowa, mayi."

"Sanalowe. Ali pamwamba. Yambiraninso."

Anandiphunzitsa. Mafuta uyambe wawasungunula m'zikhatho mpaka afunde. Uyambire kuchidendene, udzaze mng'alu uliwonse ndi chala chachikulu, usisite mozungulira mpaka khungu litamwa, kenako ukwere ku akakolo, kumsongolo, kubondo. Ukamaliza miyendo, mikono. Ukamaliza mikono, msana, pakati pa mapewa pamene munthu sadzifika yekha. Tsiku lina ndinafulumira pa mwendo wakufa uja, poganiza kuti sakumva kanthu. Sankamvadi, koma ankayang'ana.

"Umenewonso ndi wanga," anatero.

Manyazi ndinali nawo, sindikana. Amayi oyandikana nafe ankasuzumira pampanda n'kuona mwamuna wa imvi atagwada, akusisita phazi la mkazi. Zinandifika m'khutu kuti akuti anandidyetsa khuzumule. Nditawauza akazi anga anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, n'kunena kuti ngati anandidyetsa, ndiye kuti sing'anga wake anawabera, chifukwa mankhwala ake anachedwa kugwira. Kuchokera tsiku limenelo ndinasiya kutembenuzira mpando kukhoma.

Chaka chotsatira, chisanu chisanayambe, inabweranso sitiroko ina yaing'ono. Sanagwe, poti anali kale pampando. Anangoti zii kwa kanthawi, malovu akutsika. Atatsitsimuka mawu anali atachepa, kumeza kutavutiratu, ndipo thupi linayamba kutha. Ndikawanyamula ndinkamva ndekha kuti akupepuka. Mwana wathu anauza abale a ku Makanjira pa foni, ndipo sindinamuimbe mlandu, ndi amalume ake.

Anabwera mu Juni, achimwene awo a akazi anga ndi mng'ono wawo wamkazi. Alamu angawo ndi munthu wamtali, wa kofia ndi mkanjo, wogulitsa usipa wouma, wolankhula motsitsa ngati mawu amagula. Ndinali nditamva kuti akubwera, ndiye ndinakonzeka. Ndinachapa zofunda zonse. Akazi anga ndinawadzoza mpaka kunyezimira, zidendene zili see, popanda mng'alu ndi umodzi womwe. Mng'ono wawo atalowa anawakumbatira, analira pang'ono, kenako ndinamuona akukweza chitenje mwakachetechete n'kugwira phazi, kulitembenuza, kuyang'ana kunsi. Ndinadziwa chimene ankafuna, ndipo sanachipeze.

"Mukuwasamala, alamu," anatero. "Ngakhale ife sitikanafika apa."

Mumtima ndinati mlandu watha. Ndinatulutsa tiyi ndi mbatata, tonse tinakhala pakhonde, akazi anga pampando wawo. Alamu anamwa tiyi wawo mpaka pansi, anaika kapu, n'kupukuta pakamwa.

"Alamu, sitinabwere kudzadandaula. Zimene mukuchita taziona, Mulungu akulipireni. Koma tabwera kudzapempha mlongo wathu."

"Wasowa chiyani kuno?"

"Palibe."

"Nanga mukumutengeranji?"

Alamu anandiyang'ana m'maso.

"Inu msewu wa kwathu munauyenda ndi galimoto, mukuudziwa kuposa ine. Ndipo mukudziwa kuti ife maliro sitigoneka. Munthu akatisiya m'mawa, dzuwa lisanalowe akhale atagona m'nyumba yake. Tsono zikachitikira kuno, tidzatani? Mudzawaika mufiriji ya kuchipatala, kudikira lole?"

"Mizikiti ili mbwee m'tauni muno. Manda a Asilamu aliponso."

"Alipo. Koma mayi athu sanagone kuno. Ndipo adzawasambitsa ndani? Amayi a pamzikiti, osadziwa n'komwe kuti munthuyu anabadwira nyumba iti?"

Miyezi yonse ija ndinkakonzekera mlandu wa chisamaliro, pamene anzanga anabwera ndi mlandu wina.

"Ndiye mukufuna muwanyamule amoyo kuti maliro asadzakuvuteni."

"Eya," anatero alamu, osakweza mawu. "Ndi zomwezo."

Ndinalankhula zambiri zimene sindingazibwereze pano. Ndinati munthu akupuma, akudya, inu mwayamba kale kuyeza manda. Ndinati ku Makanjira chipatala chili kutali, kuno ndi pafupi. Ndinati zaka zonsezi munali kuti. Iwo anangondisiya mpaka mpweya unandithera. Pomaliza ndinaloza akazi anga, ndili ndi chikhulupiriro chonse.

"Afunseni eni ake. Si awa ali apa?"

Onse anatembenuka. Akazi anga ankasisita chala pa bondo.

"Ndamva," anatero. "Ndiganize."

Ndinkayembekezera kuti akana pomwepo, mwinanso kuwanyoza achimwene awo monga ankandinyozera ine. Mawu awiri amenewo anandilasa kuposa zonse zimene alamu ananena. Alendo anatsanzika, n'kunena kuti ali m'tauni mpaka nsomba zawo zitatha, ndipo lole yobwerera ikapezeka adzadutsa kudzamva yankho.

Mawa lake ndinawadzoza ndili wokwiya. Ndinkasisita mwamphamvu.

"Mukufulumira."

"Mukufuna kupita?"

Mawu awo ankatuluka movutikira, ndipo ndinayenera kudikira lililonse, phazi lili m'manja mwanga.

"Mukukumbuka mmene munkabwerera mukakatula maliro kwathu? Munkakana chakudya. Munkati mtembo umadumpha m'mabampu ngakhale muumange chotani. Munkati mumamva mutu ukugunda kumbuyo, inu muli pa chiwongolero."

Ndinkakumbuka. Ndinkayesa kuti iwo anaiwala, poti ndinkanena ndikuvula nsapato, osayang'ana amene akumva.

"Ine sindikufuna kudumpha, bambo. Ndikufuna ndipite nditakhala tsonga. Ndione njira."

"Simukufa, mayi."

"Mumandinyamula ndinu. Mukudziwa."

Ndinati ndiye tipitira limodzi. Anapukusa mutu. Nyumba ya mng'ono wawo ndi ya chipinda chimodzi, mogona akazi okhaokha, ndipo kumeneko palibe amene angalole mwamuna kulowa kukasambitsa mkazi abale ake aakazi alipo. Ndikanakakhala pakhonde la alamu ngati mlendo, kudikira kuitanidwa kuti ndikaone mkazi wanga. Komanso nyumba yathu ya kuseri kwa msika siyosiya yokha, akuba angazule ndi malata omwe. Tinagwirizana kuti ndipeze munthu wokhulupirika wotsala panyumba, kenako ndiwatsatire mwezi ukatha. Ndinavomera chifukwa panalibe chimene ndikanakana. Ndinamaliza mwendo umenewo pang'onopang'ono, n'kutenga winawo.

Alamu anatumiza uthenga kuti lole idzanyamuka Loweruka chakumadzulo, ikamaliza kupakira katundu wa m'magolosale a kwawoko. Ndinati chabwino, nthawi ilipo, adye mang'ina asanapite. Ndinagula Lachisanu, ndinawaula, ndinapala mpaka zala kuwawa. Loweruka dzuwa likutuluka mphika unali pamoto. Ndinawasambitsa, ndinawadzoza thupi lonse, ndinawaveka diresi yawo ya pa Idi, n'kuwakhazika pa ofesi pawo. Zovala zinali kale m'chikwama. Tinakhala monga mwa masiku onse, chivundikiro chikugogoda.

Dzuwa lisanafike n'komwe pamutu ndinamva hutala kumsewu. Katundu anapakira msanga, ndipo mwini lole sanaone chifukwa chodikira. Alamu analowa pachipata, mng'ono wawo pambuyo, hutala ikulirabe. Kulira kumeneko ndimakudziwa bwino. Ndinkaliza choncho inenso pakhomo la anthu, iwo akufunafuna nsapato za wodwala.

Ndinathamangira kumphika n'kuvundukula. Ndinabaya ndi foloko, khungu lili gwa, msuzi uli madzi okhaokha. Ndinatapa makala odzaza manja awiri, n'kugwira chokupizira.

"Musakolezere," anatero akazi anga kumbuyo kwanga. "Muwaononga."

"Ndikuthirireni msuzi wokha mufulasiki. Muzikamwa m'njira."

"Ndilawe."

Ndinatunga pa supuni, ndinauzira, n'kuwamwetsa. Anausunga m'kamwa kanthawi asanameze.

"Sanapse."

"Ndikudziwa kuti sanapse, mayi, koma..."

"Asiyeni apse. Mudye inu."

Ndinabweza makala aja m'thumba. Ndinawanyamula ndekha mpaka kumsewu, ndinakana kuti alamu andithandize. Anali atawasungira malo kutsogolo, pambali pa dalaivala, mng'ono wawo kuwindo kuti aziwachirikiza. Ndinaika pilo kumbali yakufa ija, mkono ndinaupinda bwino pamiyendo. Kenako ndinatulutsa botolo la mafuta, latsopano, limene ndinali nditangotapamo m'mawa womwewo, n'kulipereka kwa mlamu wanga wamkazi uja. Ndinamufotokozera zonse, zosungunula m'zikhatho, zoyambira kuchidendene, za pakati pa mapewa. Ankangoti eya, eya, maso ali kwa dalaivala amene anali ataliza kale injini.

Ndinazungulira kupita kuwindo la dalaivalayo.

"Achimwene, muyende pang'onopang'ono. Mukadutsa phula, mabampu ake ndi oipa."

"Msewu ndimaudziwa, madala."

Ndi mmene ndinkayankhira inenso. Akazi anga sanalire, ndipo sananditsanzike ndi mawu ambiri. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwatuwa," anatero. "Mukadzole."

Lole inanyamuka, fumbi linatsala. Ndinabwerera kukakhala pampando wanga, winawo uli pomwepo. Sindinavundukule. Ndinaonjezera makala limodzilimodzi, madzi otentha, mchere kumapeto. Azana ya madzulo itamveka nyama inali ikuchoka yokha pa fupa, msuzi uli wolemera womata milomo. Sindinaphikepo mang'ina okoma ngati amenewo, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa. Ndinadya pang'ono, chifukwa kutaya chakudya sindinaphunzire, otsalawo ndinapatsa amayi a pampanda aja.

Kwawoko foni imagwira mwa apo ndi apo. Mlamu wanga wamkazi ankaimba akapita kumene imagwira, n'kundiuza kuti anafika bwino, akumwa phala, anthu akubwera kudzawaona. Kamodzi kokha anakwanitsa kundilumikiza ndi eni ake. Mawu ankaduka, mphepo ikulira m'foni. Ndinamva funso limodzi lokha, lakuti kodi nyemba ndikuthirabe soda. Ndinati ayi. Anati chabwino, foni n'kuduka.

Munthu wotsala panyumba ndinali nditamupeza, chikwama nditayamba kulongedza, pamene foni inalira m'mawa wina ndikukoleza mbaula. Anali alamu. Anapereka moni wonse bwinobwino, kenako anati mlongo wawo wawasiya kutangocha, ndipo aika lero lomwelo swala ya masana ikatha. Anati ayesetsa kundidikira, koma sangalonjeze.

Ndinathamanga. Ku depoti lole inalipo, koma yopanda anthu, ndipo lole siyinyamuka isanadzaze. Ndinakhala pamwamba pa matumba a fetereza ndikuyang'ana dzuwa likukwera. Ndinakalipira dalaivala, ndinakalipira kondakitala, ndinakalipira mayi wina amene ankakweza mitolo yake mwachidodo. Titawoloka mlatho tinkaima paliponse, kutsitsa, kukweza, kuthira madzi mu injini. Msewu umene ndinkaudula ngati mphepo ndili ndi ambulansi, tsiku limenelo ndinauona mtengo uliwonse.

Ndinafika amuna akubwerera kumanda. Alamu anandilandira ndi manja awiri, anandikhazika pamkeka, anandipatsa madzi. Palibe amene anandinyoza kapena kundiyang'ana moipa. Kenako ananditengera kumanda, awiriwiri, n'kundionetsa mulu wa dothi lofiira, lonyowabe, pambali pa manda akale a mayi awo. Anati zonse zinayenda bwino. Anawasambitsa abale awo, anawakulunga m'nsalu yoyera, anawanyamula pamapewa kuchoka panyumba mpaka apa, mtunda waufupi, mosagwedeza. Zonse zimene akazi anga ankafuna zinachitika. Ndinaima pamenepo ndikudziwa kuti alamu sanalakwe, ndipo kudziwa zimenezo sikunandithandize chilichonse.

M'mawa mwake, ndikukonzeka kubwerera, mlamu wanga wamkazi anandiitanira kuseri kwa nyumba. Anali ndi chikwama chija, zovala atazipinda bwino. Pamwamba panali botolo la mafuta. Ndinalitsegula osaganiza kanthu. Linali lodzaza monga ndinaliperekera, ndipo pamwamba pa mafutawo panali mizere ya zala zanga, ya m'mawa wa Loweruka lija.

"Simunkawadzoza?"

"Tinayesa, alamu. Tsiku loyamba lomwe. Ndisanatape n'komwe, ndangogwira phazi, anandikankha. Tinayesanso mawa lake ndi mafuta athu, anakana. Ankati timafulumira."

"Nanga ankati adzola liti?"

"Ankati mukabwera."

Ndinatseka botolo. Panali funso limodzi limene sindinkafuna kufunsa, koma linatuluka lokha.

"Mapazi anali bwanji?"

Mlamu wanga anayang'ana kumbali, n'kukonza mpango wake.

"Anang'ambika. Tinaona posambitsa."

Chisanu chabweranso chaka chino, mwera ndi fumbi lake. Mwana amaimba foni kuti ndipite ku Joni, ine ndimati ndamva. Nyemba ndimaphika pamoto waung'ono, sindivundukula, ndipo zimapsa bwino, kungoti mphika umodzi umandikwana masiku angapo mpaka kundikola. Mang'ina sindinagulenso. Bambo wa pamsika uja anandifunsa kamodzi, sanabwerezenso.

Botolo lija lili pawindo la kuchipinda. Ndinagula lina laling'ono la ine mwini, chifukwa misongolo yanga ikatuwa amayi a pampanda sachedwa kundiuza. Pakati pa mapewa pamayabwa, ndipo dzanja silifika, ndiye ndimadzikhula pa mphuthu ya chitseko. Kwinako ndimadzola choimirira, kutapa, kupaka, ndathana nazo, ndipo palibe amene amandiuza kuti ndiyambirenso.